N'chifukwa chiyani makamera a DSLR amakhala akuluakulu chonchi?

Sabata yatha ndimajambula pa chinkhoswe cha msuweni wanga kuno ku Leeds, ndiye mwana wina anandifunsa kuti, "Ankolo, foni yanga imajambula bwinobwino, nanga inu chikamera cholemeracho n'chachiyani?" Ndinaseka, koma funsoli ndi lenileni, makamaka kwa inu amene mukusunga ndalama zoti mugule kamera.

Tiyambe ndi kalilole. Mkati mwa SLR, kuseri kwa lens, muli kagalasi kopendekeka madigiri 45. Kuwala kukalowa, kagalasiko kamakukhotetsera m'mwamba, mu prism imene ili m'kalinunda ka pamwamba pa kamera paja, kenako kumafika m'diso mwanu. Ndiye zomwe mukuona n'zomwe lens ikuona. Mukadina batani, kagalasiko kamadumphira m'mwamba kuti kuwala kufike pa sensa.

Tsono kagalasi kameneka kamafuna malo otembenukiramo. N'chifukwa chake mpata wochokera pomangira lens kukafika pa sensa ndi mamilimita 44 pa Canon EF, ndi 46.5 pa Nikon F. Pa Sony E, yomwe ilibe kalilole, ndi 18 basi. Mwaona komwe kunenepa kukuchokera?

Mpatawu umavutitsanso lens. Lens ya 24mm, yojambulira gulu lonse la achibale, mwachibadwa imayenera kukhala pafupi ndi sensa, koma pamenepo ingawombane ndi kagalasi kaja. Njira yake ndi retrofocus, imene Pierre Angénieux wa ku France anaitulutsa mu 1950: kutsogolo amaikako magalasi aakulu omwaza kuwala, kumbuyo ena okusonkhanitsanso. Magalasi akachuluka, paphewa pamamva.

Koma tisaunamizire zonse kalilole. Sensa ya full frame ndi mamilimita 36 m'litali, 24 m'lifupi, ndipo lens iyenera kuwalitsa ponsepo. Ya foni ndi kachikhadabo chabe, n'chifukwa chake ka lens kake n'kochepa. Chachiwiri ndi masamu a chiboo cholowera kuwala. Lens ya 200mm pa f/2.8, gawani 200 ndi 2.8, mupeza pafupifupi mamilimita 71. Galasi lakutsogolo silingachepere pamenepo, kalilole akhalepo kapena asakhalepo. Ndiye 70-200mm f/2.8 ya DSLR imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, koma ndi imene imakupulumutsani muholo yamdima akamapelekana perekaniperekani.

Apa m'pomwe anzathu ambiri amataya ndalama. Amagulitsa DSLR n'kugula mirrorless poganiza kuti chikwama chipepuka. Kamerayo imachepadi, ma lens aafupi ena nawonso, koma lens yaitali yolowetsa kuwala kwambiri imakhalabe yaikulu.

Ndiye musanagule, dzifunseni kuti muzijambula chiyani. Ngati ndi zithunzi za paulendo wopita kumudzi, komwe chikwama cha m'manja amachiyeza pabwalo la ndege, ka 50mm f/1.8 n'kokwanira, kopepuka komanso kotchipa. Ngati ndi maukwati, konzekani kusenza.