Kucezera Okalamba Asanadwale

 Nkhani yathu ya lero ndi ya njira imodzi yosungira mphamvu za okalamba, kuti apitirize kusamba, kuphika ndi kuyenda okha.

Mphamvu za munthu sizitha tsiku limodzi. Maso ayamba kucita cimbuuzi, mano aguluka, kudya kucepa, miyendo ilema. Mwini wace sadandaula, pakuti ayesa kuti ndiwo ukalamba. Tsono tsiku lina apunthwa pa khomo nathyoka fupa la m'cuuno. Akagona pa mphasa milungu yambiri, minofu ifooka, ndipo ambiri sayendanso monga kale. A World Health Organization anena kuti mwa anthu a zaka 65 ndi kupitirira, pafupi-fupi mmodzi mwa atatu amagwa caka ndi caka.

Cifukwa ca ici, madokotala a ku Denmark, dziko la ku Ulaya, anayesa kufika kwa okalamba tsoka lisanawagwere. M'tauni ya Rødovre, pafupi ndi Copenhagen, anagawa anthu a zaka 75 ndi kupitirira m'magulu awiri. Gulu limodzi analicezera ku nyumba kamodzi pa miyezi itatu iri yonse, kufikira zaka zitatu. Linalo anangolisiya monga mwa masiku onse. Zimene anapeza anazilemba m'caka ca 1984: mwa ocezeredwa aja, ogona m'cipatala anacepa, ndipo akufa anacepanso. M'caka ca 1996 Boma la Denmark linalamula makhonsolo kuti azicezera a zaka 80 ndi kupitirira, eni ace akalola, ndipo m'caka ca 1998 linaonjezapo oyambira zaka 75.

Nanga wocezayo acita ciani? Akhala pansi nafunsa modekha. Aona ngati nkhalamba inganyamuke pa mpando osagwira kanthu, ngati iona ndi kumva bwino, ngati imwa mankhwala ace monga anauzira dokotala. Ayang'ana njira ya ku cimbudzi, ngati muli miyala kapena mdima usiku. Afunsanso ngati alipo womaceza naye, pakuti kusungulumwa kumfooketsa munthu. Akapeza covuta, amtumiza ku cipatala nthenda ikali yaing'ono.

Zambiri mwa izi mungazicite inu eni. Ndalama yotumiza pa kutha kwa mwezi ndi yabwino, koma ndalama siona kuti amai anu aonda. Pitani mukaone ndi maso anu, ndipo ngati muli kutali, pemphani mbale wokhulupirika kuti azipitako kawiri-kawiri.

Cenjezo limodzi lotsiriza: musawalande nchito zonse poyesa kuti ndiwo ulemu. Agogo amene aleka kusesa, kusenda nyemba ndi kuyenda ku calici afooka msanga. Athandizeni pa zimene zawakanika, koma zimene akali kukhoza, alekeni acite okha. Tsalani bwino.