Mmene Mawu Amayendera pa Intaneti

Woulutsa mawu pa wailesi ku London akhoza kucheza ndi woimba amene ali ku Johannesburg, omvera n'kumaganiza kuti awiriwo akhala m'chipinda chimodzi. Kodi mawu a woimbayo amafika bwanji ku London?

Kale, nyumba zoulutsira mawu ndi zojambulira nyimbo zinkagwiritsa ntchito lamya zapadera zotchedwa ISDN. Lamyazi zinafala kwambiri m'zaka za m'ma 1990. Anthu awiri akalumikizana pa lamya yotere, njira ya mawu inkakhala yawo okha mpaka atamaliza kulankhula. N'chifukwa chake mawu ankamveka bwino, osadukaduka. Koma lamyazi zinali zodula. Mwini wake ankalipira mwezi ndi mwezi, ndiponso ankalipira nthawi imene walankhula.

Masiku ano oulutsa mawu ambiri amagwiritsa ntchito intaneti. Kompyuta imagawa mawu m'tizidutswa ting'onoting'ono. Tizidutswati timayenda m'njira zimene anthu ena ambirimbiri akugwiritsanso ntchito, monga mmene magalimoto amagawanira msewu waukulu. Tikafika kumene tikupita, kompyuta ina imasanja tizidutswato mwadongosolo, ndipo mawu amamvekanso.

Njira imeneyi ndi yotsika mtengo, ndipo munthu angaigwiritse ntchito kulikonse kumene kuli intaneti. M'chaka cha 2020, pamene mliri wa COVID-19 unachititsa anthu kukhala pakhomo, oulutsa mawu ambiri anapitiriza ntchito yawo ali kunyumba. Ku Britain, kampani ya Openreach inasiya kugulitsa lamya zatsopano za ISDN m'chaka cha 2023.

Komabe intaneti ili ndi vuto lake. Msewu ukadzaza, magalimoto amachedwa. Chimodzimodzinso, anthu akachuluka pa intaneti, tizidutswa tina timachedwa kapena kutayika. Zikatero mawu amadukaduka, ndipo omvera saimva bwino nkhani.

Pofuna kupewa zimenezi, akatswiri amalumikiza kompyuta ndi waya m'malo modalira Wi-Fi. Ngati pulogalamu iulutsidwa tsiku lina, aliyense amajambulanso mawu ake pa makina ake. Motero intaneti ikaduka, mawuwo satayika.

Mafunso
1. N'chifukwa chiyani mawu sankadukaduka pa lamya za ISDN?
2. Fotokozani mmene kompyuta imatumizira mawu pa intaneti.
3. Tchulani njira ziwiri zimene akatswiri amatetezera mawu.