NGOZI YA MATABWA A M'FAKITALE ILI MU GULUU

Matabwa ambiri amene amisiri akukhomera siling'i, zitseko, makabati ndi madesiki a m'sukulu masiku ano sali ochekedwa ku chipika monga a mlombwa kapena a mbawa amene makolo anazolowera. Ndi matabwa opangidwa m'fakitale. Pulayiwudi amapangidwa posenda chipika mopyapyala ndi kusanjikiza zosendazo mopingasa. Chipibodi amapangidwa ndi tizibenthu ta mitengo. Ndipo MDF amapangidwa ndi mitengo yoperedwa kufikira itasanduka ngati thonje. Zonsezi zimagwirana ndi guluu zitapanikizidwa m'makina otentha. Matabwa otere ngotsika mtengo, ndiponso amathandiza kuti mitengo yachilengedwe ipumeko, pakuti ngakhale paini wamng'ono amalowa ntchito. Koma mlandu wake uli mu guluuyo.

Guluu amene wakhala akugwiritsidwa ntchito kwambiri pa matabwa a m'kati mwa nyumba ali ndi mankhwala otchedwa formaldehyde, omwe aja amene azipatala amasungira mitembo kuti isawole. Mankhwalawa amatuluka m'thabwa pang'onopang'ono ngati mpweya, ndipo amatuluka kwambiri thabwalo likakhala latsopano, kukatentha, kapena kukakhala chinyontho. Akachuluka m'chipinda amalasa maso, mphuno ndi pakhosi, amatsokomoletsa, ndipo amasautsa odwala mphumu. M'chaka cha 2004 bungwe lofufuza za khansa la World Health Organization, limene lili ku Lyon m'dziko la France, linagamula kuti formaldehyde amayambitsa khansa mwa anthu.

ZIMENE ZINACHITIKA KU AMERICA

Mu Ogasiti 2005 namondwe wotchedwa Katrina anasakaza mzinda wa New Orleans ndi madera oyandikana nawo. Boma la America, kudzera m'nthambi yake yoona za ngozi yotchedwa FEMA, linagawira anthu osowa pokhala tinyumba toposa 100,000 tokokedwa ndi galimoto, ndipo m'kati mwake munali mokhomedwa ndi matabwa a m'fakitale. Posakhalitsa okhalamo anayamba kudandaula za mutu, chifuwa ndi kamfuno. Nthambi yoona za matenda, ya CDC, inayesa mpweya wa m'tinyumba 519, ndipo mu February 2008 inalengeza kuti formaldehyde anali wochuluka pafupifupi kasanu kuposa wa m'nyumba wamba. Tsono Boma linafulumiza kusamutsa mabanjawo nyengo yotentha isanafike.

Boma la chigawo cha California linali litakhazikitsa kale malire ake m'chaka cha 2007, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 2009. M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse inavomereza malire omwewo, ndipo Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulolo. Thabwa limaikidwa m'chipinda choyesera, ndipo formaldehyde wotulukamo asapitirire magawo 0.05 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya ngati ndi pulayiwudi, 0.09 ngati ndi chipibodi, ndi 0.11 ngati ndi MDF. Kuyambira mu Juni 2018 matabwa otere ogulitsidwa m'dzikolo, opangidwa komweko ngakhale ochokera kunja, amayenera kukhala ndi chizindikiro, ndipo wochitira umboni fakitale ayenera kukhala bungwe lapadera, osati mwini fakitaleyo.

CHIZINDIKIRO PACHOKHA SICHIKWANIRA

Mfundo yotsirizayi ndiyo mutu wa nkhani yonse. Mu Malichi 2015 wailesi ya kanema ya CBS inaonetsa kuti matabwa oyala pansi opangidwa ku China, amene kampani ya Lumber Liquidators inkagulitsa, anali ndi chizindikiro chonena kuti akutsata malire a California, koma atayesedwa anapezeka ndi formaldehyde wopitirira malirewo. Kampaniyo inaleka kugulitsa matabwawo chaka chomwecho, ndipo mu 2016 inalipira Boma la California madola 2.5 miliyoni. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thabwa losalala bwino ndi lodindidwa chidindo silisiyana ndi labwino pa maso; woyesa yekha ndiye angalidziwe.

PHUNZIRO KWA OGULA KATUNDU WA BOMA

Nkhaniyi sili kutali ndi Malawi. Pulayiwudi amapangidwa ku Chikangawa, m'nkhalango ya Viphya, ndipo matabwa ena a m'fakitale amalowa m'dziko kuchokera kunja. Kutentha kwa mwezi wa Okotobala pansi pa denga la malata, makamaka ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, ndi nyengo imene guluu amatulutsa mpweya wake kwambiri. Udindo woona miyeso ya katundu uli m'manja mwa bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972. Komabe mlonda woyamba ndi mkulu wa mu ofesi amene amalemba zofunika pa katundu woti Boma ligule.

Mkulu wotere ayenera kulemba momveka muyeso umene akuufuna, monga wa California kapena wa ku Ulaya wotchedwa E1, ndi kuitanitsa kalata ya bungwe limene linayesa matabwawo. Ayeneranso kudziwa kuti guluu sali mtundu umodzi. Wa urea, wogwiritsidwa ntchito m'kati, amatulutsa formaldehyde wambiri ndipo amafooka akanyowa. Wa phenol, wa pulayiwudi wa panja, amapirira madzi ndipo amatulutsa wochepa. Chotero thabwa la m'kati likakhomedwa pamalo podontha limatupa ndi kukanganuka, ndipo siling'i yotere ingathe kugwera ana.

Aphunzitsi nawonso ali ndi mbali yawo. Madesiki ndi makabati atsopano aziikidwa poyamba pamalo popita mphepo, mazenera a kalasi azikhala otsegula, ndipo ana ambiri akayamba kutuluka misozi kapena kutsokomola m'chipinda chongokhomedwa kumene, mphunzitsi wamkulu adziwitse a zaumoyo ndi ofesi ya maphunziro mosachedwa. Mwana amakhala pa desiki maola ambiri tsiku lililonse, ndipo iye sangathe kufunsa za guluu. Kufunsako ndi ntchito ya amene amasaina pepala logulira.