Tisamaope cimbudzi kuposa matenda

Mwezi wa Okutobala ukafika, minibasi yodikira anthu pa siteshoni imasanduka uvuni. Mawindo ena satseguka, pampando wa atatu takhalapo anai, ndipo kondakita akali kukuwa kuti, "Awiri cabe, tiyende!" Thukuta likungoyenderera. Koma tayang'anani m'manja mwa anzanu: foni ilipo, cikwama cilipo, botolo la madzi palibe.

Ine ndimayenda kawirikawiri pakati pa Chiparamba ndi tauni ya Chipata, ndipo ndaona kuti ambiri saiwala kumwa madzi ai. Amacita dala. Funsani amai opita ndi tomato ku msika wa Kapata, yankho limakhala lofanana: "Nikamwa manzi kuseni, nizayenda kuti? Basi siimilira, toileti ni yolipira." Motero munthu acoka pakhomo tambala atangolira, agulitsa tsiku lonse padzuwa, ndi kubwerera madzulo kukhosi kuli gwa.

Apa tikusunga ndalama ya cimbudzi koma tikuononga thupi. Pafupifupi magawo 60 pa 100 a thupi la munthu wamkulu ndi madzi. Tsiku lililonse malita awiri kapena kuposerapo amatuluka kudzera mu mkodzo, thukuta, mpweya ndi cimbudzi, ndipo kukatentha amatuluka ambiri. Akapanda kubwezeredwa, mutu uyamba kuwawa, cizungulire cibwera, m'mimba mudzimbidwa. Impso zimagwira nchito ndi madzi ocepa, mkodzo umakhala wa mcere wambiri, ndipo pakapita nthawi mungapangike timiyala topweteka koopsa. Kugwira mkodzo nthawi yaitali nakonso kumapatsa mpata tizilombo kuti tiswane m'cikhodzodzo, makamaka kwa azimai.

Ba draiva, nkhaniyi ndi yanunso. Thupi likauma, maso amalemera ndipo maganizo amacedwa, pamene miyoyo yathu ili m'manja mwanu. Cimodzimodzi anyamata opalasa njinga zonyamula anthu m'Chipata.

Kudziyeza sikufuna dokotala. Onani mkodzo wanu. Ukakhala woyererako, muli bwino. Ukafika mtundu wa tiyi, thupi likupempha madzi. Maheu ndi thobwa zimathandiza, koma mowa wamphamvu ngati kacasu umangoonjezera kukodza ndi kukuumitsani.

Komabe si madzi onse amene ndi abwenzi athu. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'Zambia. Bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu 2024. Ndiye cifukwa cake madzi omangidwa m'tumapulasitiki, amene simudziwa kumene anatungidwa, ndi ofunika kusamala nao. Nzeru yochipa ndi iyi: wiritsani madzi usiku mpaka abwadamuke, kapena thirani Clorin monga zalembedwera pabotolo ndi kudikira mphindi 30. M'mawa dzazani botolo loyera. Imwani kapu imodzi kapena awiri mukangodzuka, pitani kucimbudzi musanacoke pakhomo, ndipo panjira muzimwa pang'onopang'ono, osati lita yonse kamodzi.

Ana ndi nkhalamba amauma msanga kuposa tonsefe. Mwana woyamwa wosafika miyezi 6 safuna madzi, bere limamukwanira, conco amai ayamwitse momasuka ngakhale m'basi. Munthu akatsegula m'mimba, mpatseni ORS. Ngati paketi palibe, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya mcere mu lita imodzi ya madzi abwino. Maso akalowa m'kati, kapena akaleka kukodza, thamangirani ku kiliniki.

Pempho langa kwa ba draiva ndi ba kondakita nali: agogo kapena amai oyembekezera akapempha kuti muime pang'ono, imani, ndipo osawaseka. Mphindi ziwiri sizithetsa "cashing". Enafe tisanakwere, tifunsane ngati mmene timafunsirana chenji: "Manzi mwanyamula?"