Tulo tikathawa mayeso ali pafupi

Mayeso a MSCE akamayandikira, anthu obwera kudzandiona amasintha. Kumachuluka anyamata ndi atsikana a Fomu 4, ena ataperekezedwa ndi amayi awo, ena ndi aphunzitsi oyang'anira malo ogona. Madandaulo awo amafanana: mutu ukutentha, maso akulemera koma ndikagona tulo sitikubwera, ndikuwerenga koma sizikulowa. Makolo amafika ataganiza kale zinthu ziwiri: mwina mwana wayamba misala, apo ayi pali wina kumudzi amene sakufuna kuti mwanayu akhoze. Ntchito yanga ndi yothandiza anthu pa umoyo wa maganizo, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti ambiri mwa ana amenewa ubongo wawo uli bwinobwino. Chimene chawachitikira chimamveka, ndipo nthawi zambiri chimatha popanda piritsi ngakhale limodzi.

Vutoli si la kuno kokha, komanso si la lero. Mu 1960 dokotala wa matenda a maganizo, Raymond Prince, analemba za ophunzira a ku Nigeria amene ankadandaula za kutentha m'mutu, kuwawa kwa maso ndi kulephera kugwira zimene awerenga. Kulikonse kumene tsogolo la mwana lapachikidwa pa mayeso amodzi, madandaulo amenewa amapezekako.

Tulo timabwera zinthu ziwiri zikakumana. Choyamba ndi kutopa kwa ubongo. Munthu akakhala maso, mu ubongo mumaunjikana kanthu kotchedwa adenosine, ndipo kakachuluka zikope zimalemera. Chachiwiri ndi nthawi imene thupi limasunga palokha potsatira kuwala: kukada, ubongo umatulutsa melatonin, yomwe imauza thupi kuti kunja kwada. Kwa achinyamata, melatonin imachedwerapo kutuluka poyerekeza ndi ana aang'ono kapena akuluakulu. N'chifukwa chake mwana wa zaka 16 amakhala maso gwa 10 koloko usiku koma m'mawa kumudzutsa kumakhala nkhondo. Makolo ambiri amati ndi ulesi, pamene ndi msinkhu chabe.

Tsono pali chachitatu chimene chingagonjetse ziwiri zonsezi, ndicho mantha. Munthu akaopa, thupi limatulutsa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, minofu imakungika, makutu amamva ngakhale kakhoswe kudenga. Thupi silidziwa kuti choopsacho ndi pepala la masamu lolembedwa sabata yamawa. Limangokonzekera kuthawa kapena kulimbana, ndipo munthu wokonzekera kuthawa sagona. Mwanayo ndi wotopadi, adenosine yadzaza, koma mantha atsekereza khomo.

Apa ndi pamene vuto lenileni limayambira, ndipo ndi pamene ndimathera nthawi yambiri ndi ophunzira. Usiku woyamba sanagone chifukwa cha mayeso. Usiku wachitatu sakugona chifukwa choopa kusagona. Amayang'ana nthawi pafoni: 12 koloko. Amawerengetsera kuti akagona pompano apeza maola asanu. Akayang'ananso, 1 koloko yakwana, atsala anayi. Kuwerengetsera kulikonse kumawonjezera mantha, ndipo mantha amawonjezera kukhala maso. Amatsinzina mwamphamvu, amatembenuka, amadzilamula kuti agone. Komatu tulo tili ngati nkhuku madzulo: mukaithamangitsa kuti ilowe m'khola imabalalika pabwalo ponse, mukaisiya imalowa yokha nthawi yake ikakwana. Palibe munthu amene anagonapo chifukwa cholimbikira kugona.

Pali gulu lina limene tulo silinawathawe koma akutithamangitsa dala. Amene anaphunzira sukulu yogonera komweko akudziwa: kudzuka 2 koloko usiku, kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira, kuwerenga ndi tochi pansi pa bulangeti woyang'anira atazimitsa magetsi. Ena mwa aphunzitsi amayamikira zimenezi ngati chizindikiro cha khama. Ine sindigwirizana nawo. Kale mu 1924, John Jenkins ndi Karl Dallenbach a ku yunivesite ya Cornell ku America anapatsa ophunzira awiri timawu topanda tanthauzo kuti aloweze. Ophunzirawo ankakumbukira zambiri akagona ataloweza kusiyana ndi akakhala maso maola omwewo. Kuchokera nthawi imeneyo kafukufuku wambiri watsimikiza zomwezo: zimene mwawerenga masana zimasungidwa poyamba m'kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, ndipo munthu ali m'tulo ubongo umazibwereza n'kuzikhazika pamalo okhalitsa. Wodula tulo kuti awerenge maola awiri owonjezera akudula nthawi imene zowerengazo zikanakhazikika. Akatswiri amalangiza kuti mwana wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Ndipo ofufuza a ku Australia anapeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa ntchito zofuna tcheru mofanana ndi amene walawako mowa.

Koma mfundo imeneyi ndimaisamala pouza mwana amene akulephera kale kugona, chifukwa ikhoza kumuopseza kwambiri. Chowononga ndi kudula tulo milungu yambiri motsatizana. Usiku umodzi woipa, ngakhale utakhala wa mawa lake mayeso, sufafaniza zimene munthu waphunzira zaka zinayi. Adrenaline yomwe ija inamulepheretsa kugona imamunyamula maola awiri kapena atatu a m'chipinda cholembera. Komanso anthu osowa tulo kawirikawiri amagona nthawi yaitali kuposa mmene amaganizira. Amati sanatseke diso, chonsecho anawodzera kangapo osadziwa. Ndikamuuza mwana zimenezi, nthawi zambiri mapewa ake amatsika ndili kuona.

Nanga m'chipinda changa timachitamo chiyani? Anthu amaganiza za jakisoni kapena makina oyeza ubongo. Timangokambirana. Ndimafunsa nthawi imene amagona, imene amadzuka, zimene amamwa, kumene amawerengera, ndi zimene zimabwera m'mutu akangozimitsa nyali. Kenako timagwirizana zinthu zochepa.

Chachikulu ndi nthawi yodzukira. Ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale usiku unali woipa, ngakhale Loweruka, ndipo akadzuka atuluke panja aone dzuwa. Nthawi yogonera munthu sangailamule, koma yodzukira angathe, ndipo ndi imeneyo imene imakonza inayo. Ngati wagona pabedi nthawi yaitali, ngati mphindi 20 kapena kuposerapo, tulo osabwera, adzuke, akhale tsonga penapake pamdima pang'ono, abwerere pokhapokha zikope zikalemera. Njira imeneyi anaiyambitsa Richard Bootzin mu 1972, ndipo cholinga chake n'chakuti ubongo usazolowere kuti bedi ndi malo olimbanirana ndi maganizo. Ndikudziwa kuti akatswiri amene analemba zimenezi ankaganizira munthu wokhala ndi chipinda chakechake. Mwana wa ku hositelo bedi lake ndiye desiki yake, ndipo wa kunyumba mwina amagona mphasa imodzi ndi azing'ono ake. Timachita zotheka: mabuku atsike pabedi, kuwerenga kuchitikire m'kalasi kapena pakhonde, ndipo ngati sangatuluke usiku, angokhala tsonga atatsamira khoma. Foni ikhale patali, makamaka chifukwa cha wotchi yake ndi mauthenga a pa WhatsApp a anzake ofunsana kuti wafika mutu uti.

China chimene chimaoneka chachibwana koma chimathandiza ndi pepala. Ola limodzi asanagone, alembe zonse zimene akuopa ndi zimene achite mawa, mwatsatanetsatane: mutu wakuti wa Biology, mafunso asanu a masamu a chaka chatha. Mu 2018 Michael Scullin ndi anzake a ku yunivesite ya Baylor anapeza kuti anthu amene analemba kwa mphindi zisanu zimene adzachite ankagona msanga kuposa amene analemba zimene achita kale. Ubongo umabwerezabwereza zinthu poopa kuziiwala, zikalembedwa, umazisiya. Kwa wopemphera, pemphero la madzulo lingagwire ntchito yomweyi, bola lisasanduke nthawi yowerengeranso zoopsa zonse. Kupuma pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya nthawi yaitali kuposa pokoka, kumatsitsa kuthamanga kwa mtima. Wofuna kugona masana agone mphindi zosapitirira 30, ndipo dzuwa lisanapendeke.

Za zakumwa ndinene mosabisa. Khofi, tiyi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zili ndi caffeine, yomwe sichotsa kutopa koma imangotsekereza adenosine kuti ubongo usakumve. Pakatha maola pafupifupi asanu, theka lake limakhala likadali m'magazi. Botolo lomwedwa 5 koloko madzulo likugwirabe ntchito 10 koloko usiku, ndipo limawonjezera kugunda kwa mtima kumene mwanayo akukutenga ngati chizindikiro cha matenda. Mbali inayi kuli mapiritsi. Ena amamwa Piriton kuti awodzere, n'kudzuka mutu uli zii mpaka masana. Oopsa kwambiri ndi diazepam, amene ambiri amawadziwa kuti Valium: amalepheretsa ubongo kusunga zinthu zatsopano, ndipo thupi limawazolowera msanga. Kumwa mankhwala amenewa nthawi ya mayeso, opatsidwa ndi mnzanu kapena ogula mwamseri, n'kudziwonongera zomwe mukuvutikirazo. Mowa ndi chamba nazonso zimagwetsa munthu msanga koma tulo take timakhala toduladula.

Pali nthawi imene malangizo a m'nyuzipepala sakwanira. Ngati kusagona kukuchitika mausiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, kapena kwapitirira mayeso atatha kale, mwanayo aonane ndi achipatala. Asadikire ngakhale tsiku limodzi ngati wasiya kudya, akungolira, wadzipatula, kapena wanenapo kuti kuli bwino kungofa. Mawu amenewo musawatenge ngati nthabwala. Chimodzimodzi mwana amene sakugona koma sakutopa, akulankhula mosalekeza ndi kuchita zachilendo. Ameneyo vuto lake ndi lina. Ngati pali kutentha thupi, ayezetse kaye malungo. Kuzipatala za m'maboma kumapezeka ogwira ntchito za umoyo wa maganizo, ndipo kulinso chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwana wapenga.

Makolo, inunso muli ndi gawo. Mwana akudziwa kale kuti munagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti mulipire fizi. Mawu amenewo ndi amene amamveka m'mutu mwake 1 koloko usiku. Ngati mukufuna kukamba za mayeso, kambani masana, osati pa nsima ya madzulo. Muchepetseni ntchito za pakhomo milungu imeneyi kuti awerenge kukuwala, ndipo mukamupeza ali m'tulo 9 koloko buku lili pambali, musamudzutse.