Ophunzira za Mano ku America: Sukulu ya Boma kapena ya Eni Ake?

Ambiri a ife tikamva za dokotala wa mano timangoganiza za munthu wozula dzino lobooka. Komatu ntchito imeneyi ili ndi nthambi zambiri, ndipo ku United States of America nthambi zovomerezeka zilipo 12. Alipo akatswiri owongola mano opotoka, ena ochiza mitsitsi ya mano, ena a matenda a usinini, ena a mano a ana okhaokha, ndiponso ena ochita opaleshoni ya nsagwada ndi nkhope. Popeza inenso ndimasirira ntchito imeneyi, ndafuna kukufotokozerani funso limodzi limene limasowetsa tulo anyamata ndi asungwana a kumeneko: kodi wofuna ukatswiri alowe sukulu ya boma ya kwawo, kapena sukulu ya eni ake yotchuka koma yokwera mtengo?

Poyamba tione kutalika kwa ulendo wake. Wophunzira akatsiriza sekondale amakhala zaka 4 ku koleji, nalemba mayeso otchedwa Dental Admission Test. Akasankhidwa amaphunzira za mano zaka zinanso 4, nalandira digiri ya DDS kapena DMD; maina ndi awiri koma mphamvu yake ndi imodzi. Apo wakhala dokotala wa mano wamba. Wofuna ukatswiri ayenera kupikisananso kuti apeze malo ena: zaka 2 kapena 3 kwa wowongola mano, ndi zaka 4 kapena 6 kwa wochita opaleshoni ya nsagwada.

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lake lotolera msonkho. Zigawo zambiri zili ndi sukulu ya za mano yothandizidwa ndi msonkho umenewo, monga University of Michigan ndi University of North Carolina. Tsono popeza makolo a m'chigawomo ndiwo amakhoma msonkho, mwana wawo amalipira fizi yochepa, ndipo wochokera kwina amalipira yambiri. Ku Texas lamulo lifika ponena kuti alendo asapitirire mmodzi pa ophunzira 10 aliwonse. Sukulu za eni ake, monga Harvard, Columbia, University of Pennsylvania ndi New York University, sizifunsa kumene munthu wachokera. Mtengo ndi umodzi kwa onse, ndipo ndi waukulu.

Ndalama zake n'zoopsa ndithu. Wophunzira amene anaphunzira ndi ngongole amatuluka, pongoyerekeza onse pamodzi, ali ndi ngongole ya madola pafupifupi 300,000. Pa sukulu zina za eni ake za m'mizinda ikuluikulu, fizi, zipangizo, nyumba ndi chakudya pa zaka 4 zimapitirira madola 500,000. Tiyeni tichiteko masamu pang'ono, pakuti aphunzitsi athu a masamu satiphunzitsa chiwongoladzanja pachabe. Tiyerekeze kuti sukulu ziwiri zasiyana ndi madola 200,000, ndipo chiwongoladzanja ndi 8 pa 100 pachaka. Ndiye kuti wosankha sukulu yodula akuonjezeredwa madola 16,000 chaka ndi chaka, asanabweze n'kobiri lomwe la ngongole yeniyeniyo. Ngongole yotere siidikira kuti munthu atsirize maphunziro. Imayamba kuswana tsiku limene wailandira. Kuonjezera apo, mu 2025 boma la America linaika lamulo lakuti kuyambira mu Julayi 2026 wophunzira watsopano asakongole ku boma koposa madola 50,000 pachaka, kapena 200,000 onse pamodzi. Zotsalazo ayenera kuzifuna ku mabanki kapena kwa makolo.

Mwina mufunsa kuti, nanga munthu wanzeru zake angasiyirenji sukulu yotsika mtengo? Yankho lili m'kasankhidwe ka akatswiri. Malo a maphunziro a ukatswiri ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Kale osankha ankayang'ana malikisi a mayeso a dziko lonse, koma kuyambira mu 2012 mayesowo amangonena kuti wakhoza kapena walephera. Chotero osankha amayang'anitsitsa zina: nambala ya munthu m'kalasi mwake, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi, kafukufuku amene wachita, ndiponso mayeso apadera, monga CBSE amene amalemba ofuna opaleshoni ya nsagwada.

Za nambala m'kalasi ife a pano tizidziwa bwino, pakuti timaona mmene mitima imagundira malipoti akamatuluka pakutha kwa teremu. Sukulu zambiri za boma zimandandalika ophunzira kuyambira woyamba kufikira wotsiriza. Tangoganizani kalasi ya anthu 100, onse amene anali anamandwa ku koleji kwawo, koma aliyense afuna kukhala mwa 10 oyamba. Wina ayenera kukhala wa 60 basi, ngakhale atawerenga usiku wonse. Kudwala mwezi umodzi m'chaka choyamba kukhoza kumtsitsa munthu kotero kuti sadzakweranso. Ku Harvard ndi ku Columbia sandandalika chomwecho, ndipo ophunzira za mano amayamba maphunziro awo pamodzi ndi ophunzira udokotala wa thupi lonse, chimene chimawathandiza pa mayeso a CBSE aja. Kalasi ya ku Harvard ili ndi anthu pafupifupi 35 okha, kotero mphunzitsi wolemba kalata ya umboni amamdziwadi mwanayo. Ambiri a iwo amapitadi ku ukatswiri. Wolipira ndalama zambiri kumeneko akugula mtendere wa mumtima, ndipo sindinganene kuti wapusa.

Komabe pali pamene ine ndikayika. Mlimi akasankha ngala zazikulu zokhazokha kukhala mbewu, n'kukolola zochuluka, sitifulumira kutama munda. Sukulu zotchukazo zimatenga ophunzira amene anali patsogolo kale, ndiponso amene anabwera ali ndi mtima wa ukatswiri. Anthu otere akanalowa sukulu ya boma, ambiri akanakhozabe. Ndiponso si sukulu zonse za eni ake zimene zili ngati Harvard. New York University imalandira ophunzira oposa 300 pachaka. Kumeneko munthu alipira ndalama zambiri koma mpikisano uli pomwepo. Mbali inayi, University of Connecticut ndi ya boma, koma ophunzira ake amaphunzira pamodzi ndi a udokotala, ndipo sapatsidwa malikisi a A, B ndi C. Choncho mawu akuti "ya boma" kapena "ya eni ake" satiuza zonse. Munthu ayenera kufunsa za sukulu iliyonse payokha.

Chinanso chimene achinyamata amaiwala n'chakuti maphunziro a ukatswiriwo nawonso amadya ndalama. Ophunzira opaleshoni ya nsagwada m'zipatala amalandira malipiro pang'ono, koma ambiri ophunzira kuwongola mano amalipiranso fizi, uku ngongole yoyamba ija ikukulirakulira. Ndiponso mtima wa munthu umasintha. Ku America dokotala wa mano mmodzi yekha mwa asanu, kapena pafupi apo, ndiye katswiri. Wina amalowa akulota zowongola mano, koma atagwira odwala m'chaka chachitatu amapeza kuti akonda ntchito ya dokotala wamba, kapena watopa, kapena wakwatira ndipo afuna kuyamba kulandira malipiro. Amene analipira madola 200,000 oonjezera chifukwa cha loto lija, loto likatha ngongole imatsala.

Ine ndikanakhala mwana wa ku Michigan kapena ku Texas, ndikanalowa sukulu ya boma ya kwathu ndi kulimbikira kuyambira sabata yoyamba. Ndikanasintha maganizo pokhapokha sukulu yotchuka itandichotsera fizi yambiri, kapena a usilikali atandilipirira, pakuti amatero kwa wolonjeza kudzawagwirira ntchito zaka zingapo. Wotsimikiza mtima pa opaleshoni ya nsagwada, amene waitanidwa ku Harvard kapena ku Columbia, ali ndi chifukwa chomveka choganizira kawiri.

Kwa ife a kuno masamuwa asiyana. Mlendo wochokera kunja kwa America salandira mtengo wa mwana wa m'chigawo, ndipo ngongole za boma la kumeneko sizimkhudza. Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna udokotala wa mano ankayenera kukaphunzira kunja, koma mu 2019 College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland.