Mbale ya selari ndi maolivi pa maphwando a mabanja ku America

Ku United States of America, makamaka m'zigawo zapakati monga Wisconsin, Minnesota, Michigan ndi Ohio, banja likasonkhana pa Khirisimasi kapena pa tsiku lothokoza la Thanksgiving, chakudya choyamba kufika patebulo si nkhukundembo yowotcha. Imayamba ndi mbale yagalasi yafulati, yogawidwa zipindazipinda, imene eni ake amaitcha relish tray. M'zipindamo mumakhala mapesi a selari, maolivi akuda ndi obiriwira, nkhaka zoviika mu viniga, radishi, karoti wodula motalika ndi anyezi wamasamba. Zonsezi zimabwera zozizira, ndipo anthu amatola ndi zala uku akudikira kuti nyama ipse. Si ndiwo ayi, chifukwa sizidyedwa ndi chakudya china chokhutitsa. Mlendo angaione ngati mbale yongodzazira malo, koma chilichonse chimene chili m'menemo chinalowamo pa chifukwa chake.

Chifukwa choyamba ndi nyengo. Thanksgiving imachitika Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala, tsiku limene nyumba ya malamulo ya dzikolo inalikhazikitsa mu 1941, ngakhale kuti Pulezidenti Abraham Lincoln anali atalengeza kale mwambowu kukhala wa dziko lonse mu 1863. Pofika nthawi imeneyi kumpoto kwa America kumakhala kutazizira kwambiri, minda itauma, ndipo m'madera ena chipale chofewa chitagwa. Masitima ndi magalimoto okhala ndi mafiriji asanachuluke, masamba aawisi ankasowa kwa miyezi ingapo. Mayi wapakhomo ankadalira zimene anasunga m'mabotolo nthawi yokolola. Mu 1858 John Landis Mason analembetsa botolo lake lagalasi lotsekera chopotokola, ndipo botolo limeneli linafala m'makhitchini mpaka dzina lake linakhala dzina la mabotolo onse a mtunduwo. Tsiku la phwando linali tsiku lotsegula mabotolo abwino kwambiri: nkhaka, bitiruti, mapichesi othira zonunkhiritsa, ngakhale makoko a chivwende ophika mu viniga ndi shuga. Makoko amenewa akuonetsa mtima wa anthu amene sankafuna kutaya kanthu. Pakati pa mbadwa za anthu ochokera ku Germany amene anakhazikika ku Pennsylvania pamatchuka mwambo woika patebulo zotsekemera zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi zowawasa zisanu ndi ziwiri.

Kuwawasako kuli ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yoteteza chakudya. Kachilombo koopsa kotchedwa Clostridium botulinum kamakula bwino m'malo mopanda mpweya monga m'botolo lotseka, koma sikakula ngati asidi wafika pa mlingo wa pH wochepera 4.6. Viniga wa m'sitolo, amene nthawi zambiri amakhala ndi asidi 5 peresenti, amatsitsa nkhaka kufika pamenepo msanga. Njira ina, yakale kuposa imeneyi, ndi kuika nkhaka m'madzi amchere okha n'kuzisiya. Mchere umafooketsa tizilombo towononga, pamene tizilombo tina tabwino timadya shuga wa m'nkhakamo n'kutulutsa asidi wofanana ndi wa mu chambiko. Nkhaka zowawasa zothira adyo ndi masamba onunkhira a dill, zimene Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya anazitchukitsa ku New York, zimakonzedwa motere. Ntchito yachiwiri ndi ya m'kamwa. Chakudya cha phwandoli n'cholemera: nyama yamafuta, mbatata yakachewere yoponda ndi batala, msuzi wokhathamira. Kowawasa kamatsuka lilime n'kudzutsa mudyo, monga mmene achali wa mango amachitira pambali pa mpunga ndi nyama.

Mfumu ya mbaleyi kalekale inali selari. Masiku ano ndi masamba otchipa, koma m'zaka za m'ma 1800 ankadyedwa ndi anthu opeza bwino, chifukwa kulima kwake kunali kwa thukuta. Mlimi ankabzala m'ngalande, kenako n'kumaunjikira dothi m'mapesi pamene akukula kuti asaone dzuwa, atuluke oyera, ofewa ndi osawawa. Wogula selari ankafuna kuti alendo amuone, n'chifukwa chake makampani a magalasi ankapanga chotengera chake chachitali chonga cha maluwa, ndipo mapesi ankaimikidwa m'madzi pakati penipeni pa tebulo, masamba ali m'mwamba. Zinthu zinasintha pamene alimi ochokera ku Netherlands anayamba kulima selari wambiri m'madambo a dothi lakuda ozungulira Kalamazoo ku Michigan, mpaka mzindawo unatchedwa mzinda wa selari. Sitima zinamufikitsa kutali, mtengo unatsika, ndipo chinthu chimene aliyense angagule sichinafunikenso kuimikidwa ngati maluwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 selari anagonekedwa m'mbale yaitali yafulati. Pambali pake panatsala malo, ndipo m'malomo munalowa radishi ndi maolivi. Apa ndi pamene mbale ya masiku ano inayambira kuoneka.

Maolivi akuda a m'chitini ali ndi mbiri yawoyawo, ndipo ndi ya ku California. Mayi wina wamasiye wobadwira ku Germany, Freda Ehmann, anayamba kuyesa kukonza maolivi m'migolo pakhonde la nyumba ku Oakland, ndipo mu 1898 anatsegula kampani yake ku Oroville. Ambiri sadziwa kuti maolivi akuda amene amagulitsidwa m'zitini lerolino amathyoledwa akadali obiriwira. Amaviikidwa m'madzi a soda wamphamvu kuti kuwawa kuchoke, amapopedwera mpweya mpaka ade, kenako amathiridwa mchere wina wa ayironi kuti mtunduwo usasuluke. Popeza alibe asidi wokwanira, ngozi ya botulinum imakhalapo. Mu 1919 anthu anafa ku Ohio ndi ku Michigan atadya maolivi osakonzedwa bwino, ndipo zitatero boma la California linalamula kuti azitenthedwa pa madigiri 240 a Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 116 a Celsius. Kukoma kwawo n'kofatsa, ndipo dzenje lotsala pochotsa njere limakwana chala cha mwana. Akuluakulu ambiri a ku America akamakumbukira mbaleyi amayamba ndi zimenezi: ana atavala maolivi ku zala zonse, agogo akuyang'ana kumbali ngati sakuona.

Mbale yeniyeniyo inafala m'nyumba za anthu wamba m'zaka za m'ma 1930, pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma. Mafakitale a ku Ohio ndi madera oyandikana nawo ankaumba magalasi otchipa pa makina, a pinki, obiriwira ndi achikasu, ndipo ena ankaperekedwa ulere kwa ogula zinthu m'sitolo kapena olowa m'nyumba za kanema. Zipinda za mbaleyo si zokongoletsa chabe. Zimaletsa madzi a bitiruti kufiiritsa selari, komanso viniga kufewetsa karoti. Mbale zambiri zoterezi zikadalipo, zikuchoka kwa agogo kupita kwa adzukulu, ndipo zimatulutsidwa m'kabati kawiri kapena katatu pachaka basi.

Luso lokonza mbaleyi lagona pa madzi ozizira. Masamba amakhala okhukhuluka m'kamwa ngati timaselo take tadzaza madzi, ndipo akafota ndiye kuti madziwo atuluka. Selari ndi karoti akaviikidwa m'madzi a ayezi kwa ola limodzi kapena awiri amayamwanso madzi n'kuuma gwa. Radishi wochekedwa m'mbali akaviikidwa chimodzimodzi amatseguka ngati duwa, chifukwa mbali zochekedwazo zimafufuma n'kupindikira kunja. Zoviika mu viniga ziyenera kutsanulidwa madzi ake bwinobwino zisanaikidwe m'mbale. Mabanja ena amadzaza tchizi chofewa m'ngalande ya phesi la selari, ndipo kum'mwera kwa dzikolo amakonda tchizi chosakaniza ndi tsabola wofiira wosawawa. Zokhala ndi tchizi kapena mazira siziyenera kukhala patebulo kupitirira maola awiri, pamene nkhaka za mu viniga zimapirira nthawi yaitali.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mbaleyi inayamba kuchepa mphamvu. Masamba aawisi anayamba kupezeka chaka chonse, ndipo amayi ambiri analeka kusunga zakudya m'mabotolo. Mu 1986 mlimi wa ku California, Mike Yurosek, anayamba kudula ndi kusenda karoti wopindika amene masitolo ankamukana, n'kupanga tizidutswa tosalala togulitsa m'mapepala apulasitiki. Tizidutswa timeneti, pamodzi ndi msuzi woyera wa ranch wosunsira, tinabala thileyi yapulasitiki ya m'sitolo imene yalowa m'malo mwa mbale yagalasi m'nyumba zambiri. Thileyi imeneyi ndi yosavuta, koma yataya chinthu chachikulu, chomwe ndi kuwawasa, ndipo m'malo mwake yabweretsa mafuta ena pa tebulo lodzaza kale ndi mafuta. Kumene mwambo wakale wagwirabe ndi m'malesitilanti a ku Wisconsin otchedwa supper club, kumene mlendo akangokhala pansi amamubweretsera mbaleyi, nthawi zina pa thabwa lozungulira, muli radishi, selari, bitiruti, tchizi chopaka, ndipo m'malo ena nsomba ya herring yoviika mu viniga, imene inabwera ndi anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya.